MANDASI, ZITUMBUWA NDI THUMBA LA ACHINYAMATA

(Mau amene Mlangizi wa Zaulimi analankhula pa wailesi kwa alimi ndi mafumu a m'maboma a Machinga ndi Balaka)

Ndipereka moni kwa inu a kwa Kawinga, kwa Nyambi, kwa Liwonde ndi kwa Sitola, ndiponso kwa inu a tsidya la Shire, kwa Kalembo, kwa Nsamala ndi ku Phalula. Akulu akumbukira kuti kale dera lonseli linali boma limodzi lotchedwa Kasupe, ndipo Balaka anakhala boma pa yekha m'chaka cha 1998. Koma dzuwa limene liotcha ku Ulongwe ndi lomwelo liotcha ku Ntaja, chotero nkhani yanga ndi ya tonse.

Lero sindilankhula za mizere kapena za feteleza. Ndifuna kulankhula za mandasi, zitumbuwa ndi chigumu. Ndidziwa kuti abambo ena ayamba kale kuseka, nati, "Mlangizi uyu watopa ndi nchito yake, walowa kukhichini." Tamverani poyamba, mudzaseka pambuyo.

M'midzi yambiri imene ndiyendamo muli magulu a achinyamata. Ena ndi a pa tchalitchi, ena ndi a pa mzikiti, ena ndi makalabu a ulimi, ena anayamba ndi mpira. Ndikakhala nao pansi ndi kuwafunsa chimene afuna, mayankho ao sasiyana kweni kweni. Afuna makeni othirira, mbeu ya tomato ndi anyezi, makasu, kapena mpope wopalasa ndi miyendo wokokera madzi kudimba. Zinthu zimenezi si za mtengo woopsa ai. Koma chimene achita ndi kulemba kalata, napereka kwa mlangizi kapena ku ofesi ya achinyamata ku boma, nakhala pansi pa mtengo kudikira kuti bungwe lina lidzabwera ndi galimoto. Mwezi wa June ufika, madzi ali m'dambo, malo amfumu anapereka kale, koma keni palibe. September afika, dambo lauma. Chaka chinacho mukafunsa kuti tcheyamani uja ali kuti, akuuzani kuti anakwera basi wa ku Joni. Nanga mlembi uja? Anakwatiwa, ngakhale lamulo la dziko lino likana kuti munthu alowe m'banja asanakwane zaka 18. Gulu latha, ndipo latha chifukwa cha makeni khumi.

Tsono ine nditi ndarama ya makeni khumi iri m'nyumba zanu zomwezo. Iri m'nkhuti ya mbatata, iri pa mkoko wa nthochi umene uli kupsa kuseri kwa nyumba, iri m'lichero la mtedza. Chofunika ndi chakuti makolo alole kugwira nchito pamodzi ndi ana ao tsiku limodzi kapena awiri, ndiponso kuti pakhale wina wodziwa kuwerengera. Kuwerengerako ndiko kubvuta kuposa kuphika, chotero ndiyambira pamenepo.

Gulu lina la ku dera la Ntaja, limene mudzi wake sindiutchula popeza eni ake ali kumva, linaganiza zokazinga mandasi pa Khirisimasi. Anasonkha ndarama, nagula ufa wa tirigu, shuga, yisiti ndi mafuta. Anakazinga usiku wonse pakhomo pa mai wina, ndipo mandasi anatuluka abwino ndithu, ofufuma, a pfungo lokoma. Ine ndinalawa limodzi, ndipo ndibvomere pano kuti sindinalipire. M'mawa ana a pakhomopo anapatsidwa limodzi limodzi chifukwa anatola nkhuni. Amalume a tcheyamani anadzera pomwepo, ndipo ndani angamane amalume? Anyamata ogulitsa anamva njala masana. Anthu ena anatenga nati, "Tidzapereka tikagulitsa mbuzi." Polowa dzuwa m'beseni munali mbee, aliyense ali kusekera kuti malonda ayenda. Koma atawerenga ndarama anapeza kuti sizinakwane ngakhale zimene anagulira ufa ndi mafuta. Pamenepo panabuka mlandu. Msungichuma, mtsikana wa khalidwe labwino, anamunena kuti waba, ndipo amai ake anapita kwa amfumu ali kulira. Mtsikanayo sanabe kanthu. Mandasi aja anadyedwa ndi mudzi wonse, ndi mlangizi yemwe.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Mitengo isinthasintha masiku ano, chotero manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muike anu. Tinene kuti mwaononga K60,000 pogula zonse, ndipo mwatulutsa mandasi 300, ogulitsa limodzi K300. Mukagulitsa onse mupeza K90,000, ndipo phindu lanu ndi K30,000. Koma taonani bwino. Mandasi 200 oyamba sali anu ai, ndi a mwini sitolo amene anakugulitsani ufa ndi mafuta. Anu ndi 100 otsiriza okha. Tsono ana ndi alendo akadya 40, angongole akatenga 30, ndipo 20 akapserera pamoto, mwatsala ndi mandasi 10, ndiye kuti K3,000 pa nchito ya usiku wonse. Munthu wotola ndasi m'beseni aganiza kuti watenga limodzi mwa 300, palibe angazindikire. Iai, watenga limodzi mwa 100.

Chotero gulu likhale ndi kope. Zophika zonse ziwerengedwe pomwepo pamoto, anthu awiri ali kuona, ndipo nambala ilembedwe. Wogulitsa aliyense alandire zowerengedwa, nabweze ndarama kapena zotsala. Ngongole isakhalepo, ngakhale kwa mbale. Ndipo popeza si chikhalidwe chathu kuphika pakhomo ana ali kuyang'ana ndi kuwamana, patulani gawo la ana musanayambe, mulilembe m'kope momwemo monga mulemba shuga. Mukatero mwana adya ndi mtendere, ndipo msungichuma agona tulo.

Koma gulu lija linalakwa penanso, ndipo apa ndi pamene nchito yanga ya ulangizi ilowera. Zonse zimene anaphikira anagula kusitolo. Dziko lathu lilima tirigu wochepa kwambiri, kumapiri a ku Tsangano ndi ku Neno ndi malo ena ozizira. Wambiri amene tidya achokera kunja. Pamene nkhondo inabuka pakati pa Russia ndi Ukraine m'chaka cha 2022, mitengo ya tirigu ndi mafuta ophikira inakwera pa dziko lonse, pakuti maiko awiriwa ndiwo agulitsa tirigu ndi mafuta a mpendadzuwa ochuluka. Kuno kwathu Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 m'mwezi wa May chaka chomwecho, ndipo inatsitsidwanso ndi 44 pa 100 mu November 2023. Amai ogulitsa mandasi pa Liwonde ndi pa Balaka adziwa bwino chimene chinachitika: ndasi linachepa, mtengo unakwera, phindu silinakule. Amene aphika ndi za m'sitolo zokhazokha agwirira nchito anthu a kutali amene sadzawaona. Mlimi sayenera kutero, pakuti ali ndi munda.

Ndifuna kunena makamaka za mbatata yofiira mkati. Ambiri a inu muidziwa. Zondeni inabvomerezedwa ndi boma m'chaka cha 2008, ndipo mu 2011 akatswiri athu a ku Bvumbwe, mmodzi wa iwo Dr. Felistus Chipungu, anatulutsa mitundu ina isanu: Kadyaubwerere, Kaphulira, Chipika, Mathuthu ndi Anaakwanire. Kuyambira cha m'ma 2015 bungwe la International Potato Center, pamodzi ndi boma, linafalitsa mbeu imeneyi m'maboma angapo, Balaka ndi Machinga ali momwemo. Kufiira kwake si kwa maonekedwe chabe. Ndi chizindikiro chakuti muli chakudya chimene thupi lisandutsa vitamini A, amene athandiza maso ndiponso alimbitsa mwana kuti matenda asamugwetse msanga. Mbatata imodzi yaing'ono, yolemera magalamu 125, ikwanira kupatsa mwana wosayamba sukulu vitamini A wa tsiku lonse. Nchito yofalitsa mbatata imeneyi inatchuka kotero kuti mu 2016 mphotho yaikulu ya World Food Prize inapita kwa akatswiri anai, ndipo mmodzi wa iwo, Dr. Maria Andrade, anagwira nchito yake kwa anansi athu a ku Mozambique.

Abambo ambiri andiuza kuti mbatata imeneyi saikonda chifukwa ndi yofewa, siikhuta ngati yoyera ija. Chabwino, sinditsutsa. Koma kufewa komweko ndiko kuichititsa kukhala yabwino yophikira. Amai, tamverani kachitidwe kake. Sankhani mbatata yopanda zoboola za nankafumbwe, pakuti yoboola iwawa ndipo iononga zonse. Muitsuke, muiphike ndi makoko ake m'madzi ochepa, mphika uli wobvundikira. Ikapsa muisende, muiphwanye ndi mthiko kufikira isalale, osatsala mibulu. Tsono pa makapu 6 a ufa wa tirigu muike makapu 2 a mbatata yophwanyayo, theka la kapu ya shuga, timasupuni 2 ta yisiti, mchere pang'ono ndi masupuni 2 a mafuta. Madzi ofunda muthire pang'ono pang'ono, chifukwa mbatata iri ndi madzi ake kale. Amene athira madzi monga anazolowera apeza ufa wamata m'manja. Mukande bwino, mubvundikire ndi nsaru yoyera kwa ora limodzi kuti ufufume, mutambasule ndi botolo, mudule, mukazinge. Mukazolowera mutha kuonjeza mbatata kufika makapu 3. Mudzaona kuti ufa womwewo wakupatsani mandasi ochuluka, shuga mwachepetsa popeza mbatata itsekemera yokha, ndipo mkati mwa ndasi muli chikasu ngati munaswera mazira. Chenjezo ndi limodzi: mbatata yophwanya siigona. Muphwanye yokwanira tsiku lomwelo.

Komabe ine, mukandifunsa, nditi gulu loyamba kumene liyambe ndi chigumu, chimene ena ati chikondamoyo. Anyamata achinyoza kuti ndi chakudya cha agogo, koma m'kope ndicho chipambana, pakuti sichifuna tirigu ndipo sichimwa mafuta. Tengani makapu 3 a mgaiwa, nthochi zakupsa 6 kapena makapu 2 a mbatata yophwanya, kapu imodzi ya nsinjiro, kasupuni kamodzi ka soda, mchere ndi shuga pang'ono. Musakanize ndi madzi kapena chambiko kufikira zikhale ngati phala lolimba. Soda musachulutse, chifukwa chigumu chidzamveka ngati sopo. Pakani mafuta pang'ono mumphika, yalanimo tsamba la nthochi lowamba pamoto, thiranimo, ndipo pamwamba mubvundikire ndi chilata. Moto wa pansi ukhale wochepa, makala ambiri akhale pa chilatapo. Apa ndi pamene achinyamata alephera, chifukwa ali ndi changu; asonkheza moto pansi, chigumu chipserera kunsi pamene mkati muli mwauwisi. Agogo adziwa kudikira. Ora lisanakwane lasani ndi kamtengo koyera, kakatuluka kouma ndiye kuti chapsa. Chizizire musanadule, ndipo mudule mofanana ndi muyeso umodzi, pakuti wogula aona msanga kuti cha mnzake chakula. Nsinjiro ija musaisiye. Ikometsa, ndiponso mafuta a mtedza athandiza thupi kulandira vitamini wa m'mbatata.

Zitumbuwa nazo ndi phindu, popeza zifuna nthochi zakupsa kwambiri, zomwe zija wogula pamsika azikana. Koma zimwa mafuta ngati mafutawo sanatenthe bwino. Ponyanimo kachidutswa poyamba, kakayandama msanga ndiye kuti mwakonzeka. Mafuta akada muwataye, musamangoonjeza atsopano pamwamba pa akale. Ndipo musaiwale mkate wa nthochi wokulunga m'masamba, umene uphikidwa m'madzi osafuna mafuta konse. Pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi agogo oudziwa, koma adzukulu ao sanawafunsepo.

Tsono za nyengo. Gulu lija linasankha Khirisimasi chifukwa ndiyo nthawi imene anthu aganiza za zokoma. Koma taganizani inu alimi. December ndi mwezi wotani m'thumba mwanu? Ndarama zapita ku feteleza ndi kwa aganyu, nkhokwe iri kutsika, mbatata yatha, mitengo m'sitolo yakwera, nkhuni zanyowa. Nthawi yabwino ndi kuyambira May kufika September. Pamenepo mbatata iripo, mtedza wauma, anthu agulitsa thonje, mpunga ndipo kenaka nandolo, ndipo m'mawa mwa June ndi July muzizira, munthu afuna chomwera tiyi. Pali masiku a msika, pali mpira wa Loweruka, pali chikondwerero cha pa 6 July, pali tsiku lotsekera sukulu, ndipo m'midzi yambiri pali tsiku lotulutsa anamwali ku jando ndi ku nsondo, pamene abale abwera kuchokera kutali ali ndi ndarama m'manja. Ndiponso imeneyi ndiyo nyengo imene makeni afunika. Amene anabzala Kaphulira, imene icha msanga, atha kuyamba kuphika anzao asanakumbe. Chilimwe chimabweretsanso malambe, amene kuno kwathu ndi osasowa, ndipo chakumwa chake chiyenda malonda pa mpira.

M'maboma athu awiri Asilamu ndi ambiri, chotero gulu lanzeru liyang'ananso mwezi wa Ramadani. Mwezi umenewu suima pamodzi, ufulumira ndi masiku 10 kapena 11 chaka ndi chaka; mu 2024 Idi inafika mu April, mu 2025 inafika kumapeto kwa March. M'mwezi wosala malonda a masana achepa, koma madzulo, pofika nthawi yomasula, mabanja afuna zofewa ndi zotsekemera, ndipo pa Idi penipeni afuna zambiri. Funsani ashehe kuti mudziwe masiku. Ndipo pamene gulu liri la Akhristu ndi Asilamu pamodzi, monga ambiri ali, gwiritsani mafuta a zomera okha, ndipo ziwiya zikhale zimene aliyense azikhulupirira. Nkhani imeneyi muikambirane poyamba mwaulemu, osadikira kuti wina achite kufunsa pamsika.

Nanga banja lilowa bwanji? Mutu umodzi susenza denga. Amai ndi agogo ndiwo aphunzitsi, koma asagwire nchito yonse okha ana ali kucheza. Gulu ndi la achinyamata, iwo ndiwo akande ufa, iwo ndiwo atsuke miphika. Anyamata amene ati kuphika ndi kwa akazi ndiwafunse: kodi amene aima pa chiwaya pa depoti ya Liwonde ndi akazi? Pamene pali ndarama mwamuna sachita manyazi ndi moto. Abambo, bwereketsani njinga, thandizani kuumba uvuni wa dothi ngati gulu lakula, ndipo perekezani ana kumsika. Ana a sukulu agwire Loweruka ndi pa tchuthi pokha. Atsikana agulitse awiri awiri, ndipo dzuwa lisawalowere panjira.

Banja lirilonse lipereke chimene liri nacho, wina mbatata, wina nthochi, wina mtedza, ndipo zonse zilembedwe pa mtengo wake wa pamsika. Amene ali nazo zambiri atha kupereka mwaulere. Koma mai wamasiye amene wapereka mkoko wake umodzi wa nthochi abwezeredwe ndarama yake malonda akatha, phindu lisanawerengedwe. Ndipo ndinene molimba: musatenge ufa wa nsima ya ana kukaphikira malonda. Tonse tikumbukira ng'amba ya mu 2024, pamene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi ya njala. Pa chaka chotero banja liyambe layang'ana m'nkhokwe. Ngati mgaiwa uli wochepa, perekani manja anu, apereke ufa ena.

Pali chinthu chimodzi chimene chingaphe malonda, nichiphanso munthu. Kolera wamkulu uja anayambira kuno ku Machinga m'mwezi wa March 2022, nafalikira dziko lonse, ndipo pofika mu 2023 anali atapha anthu oposa 1,700. M'madera ena kugulitsa zophikaphika kunaletsedwa kwa kanthawi. Chotero pamene muphikira pakhale mpondagiya ndi sopo. Madzi a thobwa ndi a malambe akhale owiritsa kapena othira mankhwala amene alangizi a zaumoyo apereka. Amene watsekula m'mimba asayandikire mphika, ngakhale akhale tcheyamani. Zophika zikhale m'chidebe chobvundikira, kutali ndi pfumbi ndi ntchentche, ndipo dzanja logwira ndarama lisagwire chakudya. Tolani ndi foloko. Wogula asamasankhe ndi zala, kudina ili, kudina ilo, ngati ali kugula tomato.

Mtedza nao muusamale. Mtedza wachuku uli ndi poizoni amene aononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana, ndipo poizoni ameneyu safa ndi moto. Chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti usendeke msanga ndicho chiitana chuku. Sendani wouma, ndipo wofota, wakuda ndi wowawa muutaye. Ndaona amai ena agulitsa mtedza wabwino kwa mavenda, nasinja wotsalawo kukhala nsinjiro ya pakhomo. Kumeneko ndi kugulitsa moyo wa ana.

Za nkhuni ndinena mwachidule. Muona nokha mmene nkhalango ya Liwonde yaperewera chifukwa cha makala. Gulu lisadule mtengo kuti lipeze makeni. Mitengo ya nandolo mutakolola, ndi zitsononkho za chimanga, zikwanira kuphikira chigumu, ndipo mbaula ya dothi ya Chitetezo, imene amai ambiri a ku Balaka adziwa kuumba, idya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu.

Tsopano ndilankhule ndi inu mafumu ndi anyakwawa, ndipo mundikhululukire ngati ndilankhula mosabisa. Nchito imeneyi siingayende popanda inu. Choyamba ndi malo. Bwereketsani gulu kachigawo ka dimba, pamaso pa mboni, ndipo munene zaka zake, kuti tomato akayamba kufiira wina asadzuke nati ndi malo a ambuye ake. Chachiwiri ndi mbuzi. Tikangokolola chimanga ziweto zimasulidwa, ndipo kholowa ndiye ayamba kutha. Chaka ndi chaka alimi abwera kwa ine mu January kudzafunsa mbeu ya mbatata yofiira, pamene anali nayo chaka chatha. Inapita kuti? Inadyedwa ndi mbuzi mu September. Gulu litchinge kamunda ka mbeu kudimba, lithirire chilimwe chonse, ndipo inu muike lamulo lakuti mwini mbuzi yolowa alipire. Mvula ikakhazikika adule zingwe zotalika masentimita 30 kuchokera ku nsonga zathanzi, zopanda masamba opiringizika, nabzale motalikana masentimita 30 pamzere. Zotsala agulitse, pakuti mbeu yokhayo ndi malonda, ndipo nthawi zina iposa mandasi.

Chachitatu ndi ichi. Mwambo wathu uti mlendo wolemekezeka apatsidwe, ndipo achinyamata adzabwera kwa inu ndi mbale yobvundikira. Landirani, muyamike, koma tulutsani ndarama mulipire anthu onse ali kuona. Mfumu ikalipira, ndani m'mudzimo adzanene kuti mundipatse ndidzapereka mawa? Ndipo tsiku lowerenga ndarama mukhalepo, inu kapena nduna yanu, kope liwerengedwe mokweza pabwalo. Ndarama isagone m'nyumba ya munthu mmodzi. Iikidwe ku banki m'khonde kapena pa foni, mwa njira yakuti munthu mmodzi sangatape yekha, ndipo chinthu chimene gulu linapangana chigulidwe msanga, mtengo usanakwere ndiponso maliro asanabwere kudzabwereka. Achinyamata ena adzati tigule yunifolomu ya mpira. Mpira sindidana nao, inenso ndinasewerapo. Koma muwalangize kuti ayambe ndi chinthu chobala ndarama, yunifolomu idzagulidwa ndi tomato.

Mwina mufuna kudziwa mmene mlandu wa ku Ntaja uja unathera. Amfumu a mudziwo anaitana gulu lonse ndi makolo, nafunsa aliyense amene anadya ndasi osalipira kuti aimirire. Anaimirira pafupifupi onse, ndipo ine ndinaimirira nao. Mtsikana uja anapepesedwa pabwalo, ndipo anakhalabe msungichuma. Mu January anabzala Kadyaubwerere ndi Kaphulira pa malo amene amfumuwo anapereka. Mu June ndi July anaphika Loweruka lirilonse, mabanja awiri awiri mosinthana: chigumu chambiri, zitumbuwa, ndi mandasi a mbatata pang'ono pa masiku a mpira. Sabata yoyamba chigumu chimodzi chinapserera, ndipo anachilemba m'kope. Pofika mu August anali atagula makeni ndi mbeu ya tomato ndi mpiru. Mpope sanaufikire, ndipo anyamata awiri anapitabe ku Joni, koma otsalawo ndinawapeza kudimba ali kuthirira. Ine ndinalipira ndasi langa la Khirisimasi ija, ndipo msungichuma anandilipiritsa pa mtengo watsopano.

Amene afuna mbeu ya mbatata yofiira alembetse kwa mlangizi wa dera lao mvula isanayambe, kaya ndi ku Nsanama, ku Nanyumbu, ku Mbonechera, ku Bazale, ku Utale kapena ku Ulongwe, ndipo iye adzakuuzani alimi ochulukitsa mbeu amene ali pafupi nanu. Magulu amene sanalembetse ku ofesi ya achinyamata ku boma achite chimenecho, atatenga kalata ya amfumu.